Dziwani ufulu wanu: mnzanu akakuvutitsani pantchito

Kaya ndinu mlonda, wophika m'nyumba za ku Mulunguzi kapena mumagwira ntchito kumalo ogona alendo paphiri la Zomba, ndime 31 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imakupatsani ufulu wogwira ntchito mwachilungamo.

Mnzanu akamakujedani kwa abwana kapena kukutulirani ntchito yake, yambani mwalankhula naye pambali. Zikakanika, kadandauleni kwa kapitawo, makamaka polemba kalata yokhala ndi tsiku, ndipo ina musunge. Musabwezere ndi chibakera, chifukwa ndewu ikhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale munaputidwa.

Chimene chimandiwawa n'kuona munthu akuchotsedwa chifukwa cha miseche yokha. Lamulo la Ntchito la 2000, ndime 57, limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Zikakuchitikirani, pitani ku ofesi ya leba ya boma la Zomba miyezi 3 isanathe. Akalephera kukuyanjanitsani, nkhani imapita kukhoti loona milandu ya ntchito.

Kukugwiragwirani thupi kapena kukukakamizani chibwenzi ndi mlandu malinga ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013. Mukhoza kukanena kupolisi kapena ku Malawi Human Rights Commission.