Tinambala ta pa lenzi: bwanji zoom imodzi singakupatseni zonse?

Mukadzakhala pafupi ndi wojambula kanema pa ukwati, mudzayang'ane kutsogolo kwa kamera yake. Pa mkombero wa lenzi pamalembedwa tinambala, mwina 24-70mm 1:2.8, mwina 24-105mm 1:4. Ambiri timangoti ndi dzina la katunduyo basi. Ayi ndithu. Ndi Physics yomwe ija ya m'kalasi, ndipo munthu amene sadziwa kuiwerenga atha kutaya ndalama zambiri pa lenzi imene imukhumudwitse tsiku loyamba lomwelo.

Tiyambe ndi mamilimitawo. Mukukumbukira galasi lokulitsira zinthu, lija limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa kadontho kamodzi mpaka pepala kufuka utsi? Mtunda wochokera pa galasi kufika pa kadonthoko ndi umene timautcha focal length. Pa kamera, nambalayi ikakhala yaing'ono, lenzi imaona malo otakata. Ikakula, imaona kachigawo kochepa koma kokulitsidwa. Pa kamera za sensa yaikulu, ya mamilimita 36 ndi 24, lenzi ya 24mm imaona pafupifupi madigiri 84 kuchokera pa ngodya ina ya chithunzi kufika pa inzake. Ya 105mm imaona madigiri 23 okha. Ndiye pa 24 mumagwira tchalitchi chonse ndi anthu omwe, pa 105 mumagwira nkhope ya mkwati muli chakumbuyo.

Lenzi ya zoom ndi imene imasintha focal length. M'kati mwake simuli galasi limodzi, muli magalasi oposa khumi, ena otukuka pakati, ena olowa, oikidwa m'magulu. Mukapotokola mkombero, magulu ena amasendera kutsogolo, ena kumbuyo, mphamvu ya onse pamodzi n'kusintha. Izi n'zosiyana ndi kukokera chithunzi ndi zala pa foni, pamene nthawi zambiri foniyo imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, n'chifukwa chake chimatuluka chosaoneka bwino. Lenzi yoyamba ya zoom ya makamera a zithunzi a filimu ya 35mm inatuluka mu 1959, Voigtländer Zoomar, ndipo inkangoyenda kuchokera pa 36 kufika pa 82mm.

Tsopano nambala yachiwiri, imene pali nkhani yonse. 1:4 ija imalembedwanso f/4, ndipo ndi samu yogawa chabe: focal length kugawa ndi 4, yankho lake ndi kukula kwa khomo lolowera kuwala, monga limaonekera mukasuzumira kutsogolo kwa lenzi. Tengani kakyuleta. Pa 105mm ndi f/4, khomolo ndi la mamilimita 26 m'mimba mwake. Pa 70mm ndi f/2.8, ndi mamilimita 25. Mwaona? Makomo awiriwa ndi ofanana pafupifupi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malenzi awiri aja sasiyana kwambiri kukula. Wopanga ali ndi galasi lomwelo, koma akukufunsani kuti musankhe: mukufuna kufika patali, kapena mukufuna kuwala kwambiri?

Wina afunsa kuti, nanga bwanji osangopanga 24-105mm ya f/2.8? Gawaninso. 105 kugawa ndi 2.8 ndi 37.5. Malo a bwalo amayenda ndi r kuchulukitsa ndi r yemweyo, ndiye kuchoka pa 26 kufika pa 37.5 ndi kuwirikiza malo a khomolo kawiri. Magalasi ayenera kukula, chitsulo chowagwira chikule, mtengo nawo ukwere. Kampani ya Canon inatulutsadi lenzi yotere mu 2023. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3, pamene mnzake wa f/4 amalemera magalamu 700. Kusiyanaku kumaoneka kochepa pa pepala. Koma tainyamuleni m'manja kuyambira ku tchalitchi m'mawa mpaka perekaniperekani kutha, kapena mukwere nayo phiri la Mulanje, mapewa adzakuuzani okha.

Samu yomweyo ikutiuzanso kuti f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/4. Kwa wojambula zithunzi wamba si vuto lalikulu, amangosiya kamera kuti itsegule kwa nthawi yotalikirapo. Wa kanema alibe ufulu umenewo. Kanema wa kuno amajambulidwa kawirikawiri ndi zithunzi 25 pa sekondi, ndipo chilichonse chimalandira kuwala kwa gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi, kuti kuyenda kwa anthu kuoneke kwachibadwa. Nambala 50 imeneyi imagwirizananso ndi magetsi athu a 50 Hz, motero mababu saoneka akuphethira mu kanema. Ndiye mu holo ya mdima, kuwala kukachepa, chotsala ndi kukweza ISO, ndipo ikakwera kwambiri chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga.

Apa ndi pamene lenzi yotchipa imagwetsa anthu. Makamera ambiri amagulitsidwa ndi ya 18-55mm f/3.5-5.6. Manambala a f awiriwo akutanthauza kuti mukamakokera chinthu pafupi, kuwala kumachepa. Gawani 5.6 ndi 3.5, yankholo mulichulukitse ndi lokha: mupeza 2.56. Kutanthauza kuti pa 55mm pakufika kuwala kosakwana theka la kumene kunalipo pa 18mm. Tangoganizani, akwati akuvekana mphete, wojambula akukokera kuti zala zioneke, chithunzi n'kuda pomwepo ngati mtambo wadutsa. Mphete savekana kawiri. Kwa ine, pa ntchito ya kanema yolipidwa, nambala ya f imodzi yosasintha ndi chinthu choyamba kuyang'ana, zina zonse zibwere pambuyo.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pa mkombero. Malenzi ambiri a zithunzi, mukasintha zoom, chinthu chimene chinali chooneka bwino chimayamba kuchita chimbuuzi pang'ono mpaka kamera itakonzanso. Amene sachita zimenezi amatchedwa parfocal, ndipo malenzi a pa wailesi ya kanema ndi a mafilimu amapangidwa choncho, n'chifukwa china amadula. Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani autofocus, kokerani mpaka kumapeto, lunjikitsani pa zilembo za pa kalendala mpaka zioneke bwino, kenako bwererani pang'onopang'ono mukuyang'ana ngati zilembozo zikadali zakuthwa. Onaninso ngati lenziyo ili ndi zoletsa kugwedera: Canon amalemba IS, Sony OSS, Nikon VR. Lenzi imene ikukulitsa nkhope ikukulitsanso kunjenjemera kwa dzanja lanu.

Msampha womaliza ndi sensa. Madigiri ndatchula aja ndi a sensa yaikulu. Makamera ambiri otsika mtengo ali ndi yocheperapo, yotchedwa APS-C, imene imangolandira pakati pa chithunzi. Pa Sony, Nikon ndi Fujifilm muchulukitse focal length ndi 1.5, pa Canon ndi 1.6. Choncho 24mm ija imaona ngati 36mm, ndipo m'kachipinda kopanikiza mubwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma anthu asanakwane. Pa kamera zotere mpofunika lenzi yoyambira pa 16 kapena 17, monga Tamron 17-70mm f/2.8, imene pa Sony imaona ngati 25 kufika 105.

Ndiye tisankhe iti? Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya panja, masana, ndipo muziyenda nayo m'chikwama, ine ndingatenge 24-105mm f/4. Kunja kuno dzuwa n'lambiri, mpaka mudzafuna kagalasi kakuda kotchedwa ND kochepetsa kuwala. Ngati ndi ya m'maholo ndi m'matchalitchi, 24-70mm f/2.8, ndipo pamene 70 yalephera kufika, miyendo isendere. Zonse ziwiri sizikukwanirani pa mbalame za ku Liwonde, kumeneko kumafuna 300mm kapena kuposa.

Yesani iyi musanagone: lenzi ya 400mm f/2.8, ija mumaiona ndi ojambula m'mbali mwa bwalo la mpira, khomo lake ndi la mamilimita angati? Mukapeza yankho, lijambuleni ndi kampasi pa pepala, kenako muganize chifukwa chake amaiimika pa ndodo.