Fizikisi ya pachilonda: kodi magazi akufika kuphazi?

Zilonda ziwiri za pamwendo zitha kufanana maonekedwe koma n'kufuna chithandizo chosiyana. China chimadza chifukwa magazi akuvutika kubwerera kumtima, ndipo chimapola bwino akachimanga bandeji yothina. China chimadza chifukwa mitsempha yobweretsa magazi kuphazi yayamba kutsekeka. Chimenechi mukachimanga mothina, mwatseka kanjira kotsalako, ndipo phazi litha kuwola mpaka kudulidwa. N'chifukwa chake anamwino ndi madokotala amaphunzitsidwa kuyeza kayendedwe ka magazi asanamange chilonda.

Amayamba ndi mafunso. Kuno ku Dowa ndi Ntchisi mitunda siisowa. Ngati katumba amapweteka pokwera mtunda, n'kusiya munthu akaima pang'ono, ndiye kuti mwina magazi akupereweradi, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala shuga. Kenako amakhudza phazi kuti amve ngati lazizira, n'kufufuza kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo.

Kugundako kukapanda kumveka ndi zala, pali kachipangizo ka Doppler. Mwamvapo njinga yamoto pamsewu wa M1 pa Mponela? Ikamabwera imalira mokwera, ikadutsa kulirako kumatsika. Christian Doppler anafotokoza mfundo imeneyi mu 1842. Kachipangizoka kamatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Akagunda magazi oyenda, amabwerera atasintha frequency, ndipo namwino amamva "shuu, shuu".

Tsopano masamu. Amayeza BP pakakolo ndi pamkono, n'kutenga nambala yapamwamba ya pakakolo kugawa ndi ya pamkono. Pakakolo 84, pamkono 140: yankho ndi 0.6. Mwendo wabwino umapereka pafupifupi 1. Pansi pa 0.8, bandeji yothina kwambiri ayi. Pansi pa 0.5, wodwala atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu ngati Kamuzu Central. Yankho likapitirira 1.3 sikuti zili bwino: shuga imaumitsa mitsempha, ndiye nambala imanama.

Nanga bwanji wodwala amayamba wagona chagada? Kumbukirani P = ρgh. Munthu akaimirira, kakolo kamakhala pafupifupi mita 1.2 pansi pa mtima. Magazi amalemera 1,060 kg/m³, choncho kulemera kwake kokha kumaonjezera pafupifupi 95 mmHg pakakolo. Akagona, h imakhala pafupifupi ziro, muyeso n'kukhala woona.

Yesani iyi: pakakolo 66, pamkono 150. Namwino amange mothina, kapena atumize wodwalayo?