Chithokomiro ndi mayi woyembekezera

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Kamapanga mahomoni amene amawongolera kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi msambo. Kakafooka, mayi amatopa msanga, amamva kuzizira ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo ku Cuamba, msambo umasokonekera, ndipo pakati pamavuta kutenga.

Mwana wa m'mimba amadalira mahomoni a mayi ake, makamaka miyezi itatu yoyamba, pamene chithokomiro chake chisanayambe ntchito. Ubongo wake umakula ndi mahomoni amenewa.

Chimene chimafooketsa chithokomiro kawirikawiri kwathu kuno ndi kusowa kwa ayodini m'chakudya. Khosi limatupa. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimakulitsa vutoli. Ndiye mukamagula mchere pa msika wa Mandimba, Ngauma kapena Entre Lagos, werengani paketi. Pakhale mawu akuti sal iodado.

Koma pali vuto lina limene mchere sungathetse. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, nthawi zina amaukira chithokomiro, ngati galu woluma mbuye wake. Dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, ndiye anafotokoza matendawa mu 1912. Amagwira akazi kuposa amuna. Mayi akhoza kuoneka bwinobwino, khosi losatupa, asilikali oukirawo ali m'magazi. Amayi otere amapita padera kapena kubereka masiku asanakwane kawirikawiri kuposa anzawo. Si ufiti, komanso si chiwerewere cha mwamuna, monga amanenera ena.

Zimadziwika poyeza magazi. Mayeso a TSH amaonetsa ngati chithokomiro chafooka. Chikafooka, dokotala amapereka mapiritsi a levothyroxine, omwe amalowa m'malo mwa mahomoni osowawo.

Nanga mayi amene ali ndi asilikali oukira koma chithokomiro chikugwirabe ntchito? Madokotala ankaganiza kuti mapiritsiwo amuthandiza. Ku China, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anayesa pa amayi 600 amene ankathandizidwa kutenga pakati mwa njira ya IVF, yokumaniza dzira ndi umuna kunja kwa thupi. Ku Britain, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anayesanso pa amayi 952. Konseko, omwa mapiritsi sanabereke ana amoyo ochuluka kuposa osamwa. Choncho mayi wotere amangofunika kuyezedwa pafupipafupi, chifukwa chithokomiro chikhoza kufooka pakati patakula.

Ngati mumamwa kale levothyroxine, musasiye mukaima. Pitani kusikelo msanga, popeza mlingo wake nthawi zambiri amauwonjezera. Imwani m'mawa musanadye. Mapiritsi owonjezera magazi amwedwe patapita maola 4, chifukwa akakumana m'mimba amalepheretsa levothyroxine kulowa m'magazi.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani mwana wa m'mimba amadalira chithokomiro cha mayi ake?
2. Ndi vuto liti la chithokomiro limene mchere wa ayodini sungathetse?