Kamchira ka Chilatini pa Mayina a Zamoyo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mkungudza wa ku Mulanje unalipeza bwanji dzina loti Widdringtonia whytei?

Dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri: loyamba ndi la mtundu, lachiwiri ndi la chamoyo chenichenicho. Lachiwirilo nthawi zina amalipatsa polemekeza munthu. Mtengowu anautchula mu 1894 pokumbukira Alexander Whyte, amene anakatola nthambi zake kuphiriko. Anangolumikiza -i kumapeto kwa dzina lake, chilembo choyamba n'kuchichepetsa monga mwa lamulo.

Nanga kamchirako kamanena chiyani?

Kamanena kuti "wa uje", komanso kamaulula ujeyo. Pa nyama, -i ndi mwamuna mmodzi, -ae ndi mkazi mmodzi, -arum ndi akazi okhaokha, ndipo -orum ndi amuna angapo kapena amuna ndi akazi pamodzi. Mbuna yotchedwa Labeotropheus trewavasae, imene Geoffrey Fryer anaitchula mu 1956, ikulemekeza mayi Ethelwynn Trewavas, katswiri amene anathera moyo wake pa nsomba za m'nyanja za mu Africa. Aulonocara stuartgranti ndi ya Stuart Grant, amene ankatumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Salima.

Ndiye kuti chambo cha Oreochromis karongae anatchulira mayi wina?

Ayi, ameneyo ndi Karonga, malo. Musamangodalira kamchira kokha.

Bwanji mayina ena ali ndi -ii?

Pa zomera lamulo lake n'lokhwima: dzina likathera ndi konsonanti limatenga -ii kapena -iae, likathera ndi vawelo kapena -er limatenga -i kapena -ae. A zanyama amalola zonse ziwiri, koma mmene wotchula woyamba analembera ndi mmene zikhalire. N'chifukwa chake timalemba Nimbochromis livingstonii. Nsomba imeneyi imagona cham'mbali pamchenga ngati yafa, tiana ta nsomba tikayandikira kuti tidye, n'kutimeza.

Kodi dzina lingachotsedwe ngati mwini wake anali woipa?

N'kovuta kwambiri. Kachikumbu kosaona ka m'mapanga a ku Slovenia kanatchedwa Anophthalmus hitleri mu 1937 polemekeza Hitler, ndipo dzinali likadalipo. Choncho wotchula aziganiza mofatsa. M'nyanja ya Malawi mukadali nsomba zambiri zopanda dzina la sayansi. Inu amene mudzazitchule, kumbukiraniko asodzi ndi ofufuza a konkuno amene amakulozerani pomwe zili.