Za Kusankha Kamera Yojambulira Ukwati Mumdima

Ambiri a ife tikapita ku tchuthi timathandiza akulu athu amene amajambula kanema pa maukwati, ndipo ena tikuyembekeza kudzadyera ntchito yomweyi tikatsiriza sukulu. Tsono pali mdani mmodzi amene amasautsa ojambula onse, ndiye mdima. Panja, dzuwa likuswa mtengo, kamera iliyonse imachita bwino. Koma m'tchalitchi cha mazenera aang'ono, kapena mu holo madzulo pamene perekani-perekani wafika pachimake, nkhope za akwati zimada, ndipo chithunzi chimadzala timadontho tonga mchenga. Ukwati subwerezedwa. Simungathe kuwauza abusa kuti, "Tabwerezaninso malumbiro aja, kamera sinaone." Chifukwa chake munthu asanatulutse ndalama zake kugula kamera yatsopano, ayenera kudziwa njira imene kuwala kumayendamo.

Choyamba tione sensa. Aka ndi kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala monga chiwiya chilandira mvula. Mukatchera beseni ndi kapu pa mvula imodzi, beseni ndilo limatunga madzi ambiri. Sensa yaikulu, yotchedwa full frame, ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya Micro Four Thirds, yonga ya mu Panasonic GH5 ya chaka cha 2017, ndi ya mamilimita 17.3 ndi 13 basi, ndiye kuti yaikulu ija imaiposa pafupifupi kanayi. Pakati pa ziwirizi pali ina yotchedwa APS-C. Musanyengedwe ndi mamegapikiselo ochuluka olembedwa pa bokosi. Kanema wa 4K amangofuna oposa 8 pang'ono, ndipo Sony A7S III, imene inatuluka mu 2020 nitchuka ndi kuona mumdima, ili ndi 12 okha.

Chachiwiri ndi lenzi, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Beseni lingakule bwanji, likakhala pansi pa denga silitunga kanthu. Lenzi ili ndi kabowo kolowera kuwala, ndipo kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo f. Chodabwitsa n'chakuti nambala ikachepa, bowo limakula. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kanayi kuposa ya f/4. Malenzi ambiri amene amagulitsidwa pamodzi ndi kamera amayambira pa f/3.5, ndipo mukakokera chithunzi pafupi amatsekeka kufika pa f/5.6. Lenzi ya mamilimita 50 ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo, komabe mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kamera yatsopano. Kotero ngati kamera yanu imalola kusintha malenzi, yambani mwagula lenzi yokwana pa kamerayo. Koma walira mvula walira matope: bowo likakula, malo ooneka bwino amachepa, mwakuti mkwatibwi amaoneka mbee pamene ankhoswe ali kumbuyo kwake ali mbuu. Wojambula ayenera kukhala tcheru, makamaka akwati akamavina.

Chachitatu ndi chitseko cha kamera, chimene chimatsegula ndi kutseka pa chithunzi chilichonse. Wojambula zithunzi zosayenda angathe kuchisiya chotsegula nthawi yaitali kuti kuwala kuchuluke, koma wa kanema alibe ufulu umenewo. Kuno timajambula zithunzi 25 pa sekondi, ndipo chitseko chimaikidwa pa 1/50. Chifukwa china n'chakuti magetsi athu ndi a 50 Hz, pamene a ku America ndi a 60 Hz. Kamera yogulidwa kunja ikasiyidwa pa 1/60, nyali zina za mu holo zimaoneka ngati zikuphethira, kapena mizere imayenda pa chithunzi. Limeneli si vuto logulira kamera ina ayi, n'longosintha manambala.

Chachinayi ndi ISO. Kukweza ISO kuli ngati kukweza mawu a wailesi imene sikugwira bwino: mawu amakula, koma phokoso nalo limakula. Timadontho tija timachokera pamenepa. Onani tsono mmene lenzi imathandizira: pamene lenzi ya f/4 ikufuna ISO 6400, ya f/2 imangofuna 1600. Kanyali ka LED koyendera batire nakonso kamatsitsa ISO, ndipo kamakupulumutsani magetsi akazima mwadzidzidzi. Koma muyambe mwapempha abusa musanakayatse m'tchalitchi.

Nanga kamera yatsopano igulidwe liti? Igulidwe pamene lenzi ya kamera yanu siichoka, kapena pamene mwayesa lenzi yabwino ndi nyali koma mchenga uja ulipobe. Pogula funsani zinthu zitatu, pakuti safunsa anadya phula. Kodi imajambula nthawi yaitali bwanji osaima? Makamera ena, monga Sony A7 III ya 2018, amaima okha asanakwane mphindi 30, pamene ulaliki wa pa ukwati ungathe kupitirira apo. Kodi ili ndi malo a makadi awiri, kuti limodzi likaonongeka linalo lisunge ntchito? Kodi batire lake limakhalitsa? Ndiponso musaiyesere pa khonde la sitolo masana. Lowani nayo m'chipinda cha mdima, mujambule mnzanu wovala malaya oyera, muone ngati nkhope yake ndi malayawo zikuoneka bwino zonse ziwiri, pakuti ndi mmene mkwatibwi adzakhalire.

Anzanga, banja limene lakulembani ntchito lidzaonetsa kanemayo kwa ana ndi adzukulu awo. Iwo sadzafunsa dzina la kamera. Adzafuna kuona nkhope ya agogo awo tsiku limene anavala mphete. Werengani kuwala poyamba, ndalama muziwerenge pambuyo.