Konzani Uthenga wa pa Intaneti Kuti Osaona ndi Osamva Aulandire

Ofesi zambiri masiku ano zikafuna kulengeza mwayi wa ntchito, msonkhano kapena tsiku lomaliza kulipira fizi, zimakonza chithunzi chokongola, mawu onse ali mkati mwa chithunzicho, n'kuchiponya pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa webusaiti. Munthu wosaona amawerenga foni ndi khutu, kudzera m'pulogalamu yomuwerengera mokweza monga TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone kapena NVDA pa kompyuta. Pulogalamuyo ikafika pa chithunzi chotere nthawi zambiri imangonena kuti pali chithunzi, mwina n'kutchula dzina la fayilo, basi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina. Chimene chimatsekera anthu ochuluka chonchi kunja si umphawi wa ofesi ayi, koma zizolowezi za amene amalemba ndi kutumiza uthenga, ndipo zambiri mwa izo zikhoza kusinthidwa popanda kuwononga tambala.

Yambani ndi mawu. Chilichonse chalembedwa pa chithunzi chilembedwenso pansi pake ngati uthenga wamba: tsiku, malo, nthawi, ndalama, kopita ndi kalata. Kenako chithunzi chilichonse chipatseni mawu ochifotokoza, omwe akatswiri amawatcha alt text. Facebook, Instagram ndi Word zonse zili ndi polembapo mawuwa. Apa ndi pamene anthu amaphonya. Kulemba kuti "chithunzi cha msonkhano" sikuthandiza aliyense. Lembani chimene woona akuchipeza, mwachitsanzo "amayi asanu akulandira matumba a feteleza kutsogolo kwa nkhokwe." Ngati ndi tchati, nenani chimene manambalawo akuonetsa. Ngati chithunzicho n'chongokometsera, musiyeni wowerenga adutse, musamudodometse. N'chimodzimodzi kalata yomwe yasindikizidwa, kusainidwa, kenako n'kujambulidwa kukhala PDF: imeneyo ndi chithunzi, ngakhale ikuoneka ngati zolembedwa. Tumizaninso ya Word, kapena pangani PDF kuchokera mu Word momwemo.

Mukatero, onani mafupa a tsambalo. Wosaona sawerenga tsamba lonse kuyambira pamwamba. Amadumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Mutu umene mwangoukulitsa ndi kuudetsa, pulogalamu siiudziwa kuti ndi mutu, choncho gwiritsani ntchito Heading 1, Heading 2 mu Word kapena h1, h2 pa webusaiti, motsatana. Ma linki anene kumene akupita: "fomu yofunsira ngongole" osati "dinani apa" kasanu pa tsamba limodzi. Bokosi lililonse la pa fomu likhale ndi dzina lake lokhazikika, ndipo munthu akalakwitsa, muuzeni ndi mawu pamene walakwitsa, osangofiiritsa bokosi, chifukwa alipo osasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira. Wokonza webusaiti alembenso chizindikiro cha chinenero cha tsamba. Cha Chichewa ndi ny.

Za mitundu ndi zachidule. Malangizo a WCAG okonzera masamba a pa intaneti, omwe bungwe la W3C lidayamba kutulutsa mu 1999 ndipo lidawakonzanso mu 2023 kukhala 2.2, amafuna kuti zilembo wamba zisiyane ndi pamene zalembedwa pa mlingo wa 4.5 kwa 1, ndipo pa intaneti pali zida zaulere zoyezera. Zilembo zotuwa pa tsamba loyera zimavutitsa okalamba ndi anthu achialubino, omwe ambiri saona bwino. Tsamba lizilola kukulitsidwa kawiri popanda mawu kukwerana.

Kanema aliyense akhale ndi mawu olembedwa pansi, ndipo muwawerenge nokha musanatumize, pakuti olembedwa ndi makina amasokoneza mayina. Uthenga wa mawu pa WhatsApp utsagane ndi chidule cholembedwa. Komabe musaganize kuti mwatha: kwa osamva ambiri chinenero choyamba ndi chamanja, choncho uthenga waukulu, monga wa matenda kapena chisankho, ukhale ndi womasulira wooneka bwino, osati kamunthu kakang'ono pakona.

Ena anena kuti zonsezi n'za mayiko olemera. Koma Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula mwachindunji intaneti ndi njira zofalitsira uthenga. Nkhaniyinso si yatsopano. Mu 1999, Bruce Maguire, bambo wosaona wa ku Australia, adadandaula kuti webusaiti ya masewera a Olympic ku Sydney sankatha kuigwiritsa ntchito, mwa zina chifukwa zithunzi zinalibe mawu ozifotokoza. Okonza masewerawo adati kukonza kungadye ndalama ndi nthawi yambiri, koma adaluza ndipo adalamulidwa kumulipira madola 20,000 a ku Australia. Kudula kumabwera pamene mwamanga kale zonse n'kuyamba kugumula, monga amene akuika njira ya njinga ya olumala pa nyumba yomwe adaimaliza ndi masitepe okhaokha. Enanso amati makina anzeru aziwerenga okha mawu a m'zithunzi. Amayesadi, koma amalakwitsa, makamaka pa Chichewa ndi pa zilembo zokongoletsa, ndipo tsiku la mayeso kapena nambala ya akaunti si zinthu zongoganizira. Chotsutsa cholemera kwambiri n'choti mapulogalamu owerengawa amatchula Chichewa mokhota, ndi lilime la Chingelezi. N'zoona, koma mawu otchulidwa mokhota munthu amawazolowera n'kuwamva, pomwe chithunzi chopanda mawu sichimuuza kanthu.

Pomaliza yesani. Chotsani mausi, muyende pa tsamba lonse ndi batani la Tab ndi la Enter. Ngati simukuona pamene muli, kapena mwakanirira pa menyu osatulukamo, ndiye kuti amene manja ake sagwira mausi wakanirira pomwepo. Yatsani TalkBack, musayang'ane sikirini, mudzaze fomu yanu mpaka kuitumiza. NVDA ndi yaulere, ndipo adaipanga ndi anthu awiri osaona, Michael Curran ndi James Teh, choncho palibe chifukwa choti ofesi ikhale yopanda. Koma kuyesa kwa woona kuli ndi malire ake. Pitani ku Malawi Union of the Blind, ku bungwe la osamva la MANAD kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, mupemphe anthu amene amagwiritsa ntchito zida zimenezi tsiku ndi tsiku kuti ayese webusaiti yanu isanatsegulidwe, ndipo muwalipire monga mumalipirira katswiri wina aliyense.