Msilikali akavula yunifolomu: zokonzekera pakhomo ndalama zisanalowe

Si msilikali aliyense amene amapuma pa ntchito ali ndi imvi. Alipo amene analowa usilikali atangolemba mayeso a Fomu 4, anakaphunzira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, anatumikira ku Cobbe, ku Kamuzu kapena ku Moyale Barracks, mwinanso anapita ku DRC, ndipo akutuluka ana awo akadali ku pulayimale. Wina watuluka chifukwa chovulala, wina nthawi imene anasainira yatha, wina wasankha yekha. Mabanja otere akabwera kudzachita lendi kuno ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Zingwangwa, amapeza kuti zinthu zimene ku barracks sizinkawasowetsa tulo, monga nyumba, chipatala chapafupi ndi malipiro otsimikizika a mwezi ndi mwezi, tsopano zili pamutu pawo. Malangizo awa ndi a banja lonse, makamaka inu amayi kapena abambo amene mnzanu ndiye akuvula yunifolomu.

Tiyambe ndi nkhani ya thandizo la boma, chifukwa ndi imene imasocheretsa ambiri. Maiko ena ali ndi thumba lapadera la asilikali otuluka akadali ndi mphamvu. Ku America, lamulo la GI Bill la mu 1944 linkalipirira sukulu asilikali obwera ku nkhondo ndi kuwaikira chikole akafuna ngongole ya nyumba. Ku Britain, kuyambira mu 2015 boma limaika mapaundi 10 miliyoni pa chaka m'thumba la Armed Forces Covenant Fund, ndipo ndalamazo zimapita ku mabungwe othandiza asilikali ndi mabanja awo. Kuno kwathu, bungwe la asilikali akale la VELOM, limene timaliona mwezi wa Novembala pamene anthu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, ndi lofunika kulowamo chifukwa mumapezamo anzanu ndi uthenga, koma mtima wake uli kwambiri pa okalamba ndi ovutikitsitsa. Musaliwerengere kuti likulipirirani lendi. Kumbukiraninso amene anali a Malawi Young Pioneers: analandidwa zida mu Disembala 1993, ndipo ambiri a iwo anatha zaka zoposa 20 akulondola ndalama zawo ku boma. Chotero ndalama imene sinalowe mu akaunti musaigawe, musaikongolere, musailonjeze kwa achibale. Ndipo wina akakuimbirani foni kuti mutumize kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa asilikali olandira thandizo, ameneyo ndi mbava.

Ndalama za boma zimene mungazifikire ndi zamitundu itatu: zimene mwini wake anazikhetsera thukuta, ndiye kuti gratuity ndi penshoni ngati zaka zake zakwana; za maphunziro a ntchito zamanja; ndi ngongole za bizinesi. Ziwiri zomalizazi ndi za Mmalawi aliyense, ndipo msilikali wakale amaima pamzere womwewo ndi anthu ena onse.

Zonsezi zimayenda ndi mapepala, choncho ntchito ya mapepala iyambe chaka chathunthu tsiku lotuluka lisanafike, pamene mwini wake akulowabe m'maofesi a ku barracks ngati wapakhomo. Akatuluka, kalata imene ikanatenga tsiku limodzi imafuna thiransipoti ya ku Zomba kapena ku Lilongwe, mwina kangapo. Gulani fayilo imodzi yolimba. Muikemo chikalata chotulukira usilikali, kalata ya umboni wa khalidwe lake yochokera kwa akuluakulu ake, masatifiketi a kosi iliyonse imene anachita ngakhale ya milungu iwiri yokha, mapepala a malipiro a miyezi yomaliza, ndi zikalata zonse za kuchipatala. Zakuchipatalazi ndikuzitsindika. Bondo limene linavulala pa maphunziro kapena khutu limene linagontha ndi kulira kwa mfuti zimayamba kuvuta zaka zitapita, ndipo ngati sizinalembedwe ali pa ntchito, kudzatsimikizira kuti zinachokera ku ntchito kumakhala kovuta kwambiri. Onaninso kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa chiphaso cha unzika, pa mapepala a usilikali ndi ku banki. Chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa malipiro. Chilichonse chijambulidwe kawiri, ndiponso pa foni, ndipo mapepala ena akasungidwe kwa m'bale wodalirika.

Mwini wake apemphe ku ofesi ya malipiro kuti amulembere papepala ndalama zimene akuyembekezera ndi zimene zidzadulidwe. Ngongole za ku banki, za ku SACCO ndi za makampani odula pa malipiro zimayamba zadya gawo lawo. Mabanja ambiri amakangana chifukwa mayi ankawerengera chiwerengero chimene anamva kwa anzake, pamene cholowa mu akaunti ndi chochepa. Khalani pansi nonse awiri, muone pepalalo limodzi. Katundu wa boma, monga yunifolomu ndi china chilichonse cha ntchito, abwezedwe ndipo asainitse kuti wabweza.

Ndalama zikalowa, mwezi woyamba musagule kanthu kakakulu. Ndikudziwa kuti izi n'zovuta, chifukwa mbiri imathamanga. Amalume akumudzi amafuna malata, mlamu ali ndi bizinesi imene akuti ikungosowa mpamba, anzake a pa Kamba amamutchula kuti bwana. Gwirizanani chiwerengero chimodzi cha achibale onse a mbali zonse ziwiri, muchipereke kamodzi, ndipo muwauze mwaulemu kuti zatha. Kukana zonse kumadula ubale, koma kupereka pang'onopang'ono popanda malire kumamaliza thumba osadziwa kuti zapita kuti.

Zotsalazo zigaweni patatu. Gawo loyamba ndi la kudya, lendi, madzi, magetsi ndi fizi kwa miyezi isanu ndi umodzi, kapena chaka ngati zingatheke. Ili ndilo thandizo lenileni limene banja lingadzipatse lokha, chifukwa limapatsa mwini wake mpata wophunzira ntchito kapena kufunafuna ntchito yabwino m'malo mongolandira iliyonse chifukwa cha njala. Ngati eni nyumba ndi odalirika, lipiriranitu lendi ya miyezi ingapo, koma alembe ndi kusaina. Gawo lachiwiri ndi la maphunziro ndi zipangizo zogwirira ntchito. Lachitatu ndi losunga, ndipo lisakhale mu akaunti imene ili ndi khadi la ATM m'thumba la thalauza. Funsani ku banki za fixed deposit kapena za Treasury bills, zimene zimakhala za masiku 91, 182 kapena 364. Kusunga ndalama m'nyumba kapena mu akaunti yopanda chiwongoladzanja n'kuziotcha: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tonse tinaona mmene mitengo ya simenti ndi feteleza inakwerera. SACCO nayo ndi yabwino, makamaka ngati anali kale membala ali pa ntchito. Afunse ngati angapitirize umembala atatuluka, ndipo SACCO yatsopano muyambe mwatsimikiza kuti ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Amene akukulonjezani kuti ndalama zanu ziberekana kawiri pa mwezi, ndi akatapila amene amabwera akumwetulira pomva kuti gratuity yachedwa, muwatalikire onse.

Ambiri amafuna poloti, ndipo n'zomveka. Koma mu Blantyre malo ali ndi eni ake pamalamulo: ena ndi a khonsolo ya mzinda, ena a Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, amene anamanga nyumba zambiri za kuno ku Chitawira. Musanapereke ndalama, kafunseni ku maofesi amenewa ngati wogulitsayo alidi ndi mphamvu pa malowo. Za maloti otsika mtengo a m'mbali mwa phiri la Soche kapena m'mphepete mwa mitsinje, namondwe wa Freddy anatiphunzitsa kale mu Malichi 2023, ndipo asilikali amene anakumba matope ku Chilobwe pofunafuna anthu safunika kuwauza.

Tsopano za ntchito. Usilikali umaphunzitsa zambiri zimene kunja kuno zili ndi msika: kuyendetsa magalimoto akuluakulu, umakaniko, zamagetsi, kumanga, kuphika chakudya cha anthu ambiri, kusunga katundu m'sitolo, thandizo loyamba kwa ovulala, kuyang'anira gulu. Vuto ndi lakuti wolemba ntchito ku Makata kapena ku Limbe amafuna pepala limene iye akulidziwa. Apa ndi pamene TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, limathandiza. Lili ndi njira yoyesera munthu amene ntchito akuidziwa kale koma alibe satifiketi, kuti asayambirenso pachiyambi. Amene akufuna kuphunzira ntchito yatsopano, Soche Technical College ili pafupi, ndipo pali makoleji a ntchito zamanja a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Muzitchera khutu pa wailesi ndi kuona m'manyuzipepala nthawi imene akuitana ophunzira, chifukwa malo olipiridwa mbali ina ndi boma amatha msanga. Dalaivala apite ku Road Traffic ku Ginnery Corner kukaonetsetsa kuti laisensi yake ili ndi kalasi yoyenera galimoto imene akufuna kuyendetsa, komanso chilolezo chonyamulira anthu kapena katundu pa malonda.

Ntchito ya ulonda ndi imene anthu amathamangira kumuuza msilikali wakale. Si yonyozeka, koma amene anatsogolerapo anzake asadzichepetse: afunsire ya woyang'anira alonda, ya wophunzitsa, kapena ya mkulu wa chitetezo pa kampani, pa sukulu kapena pa bungwe. Kalata yofunsira ntchito ilembedwe m'chilankhulo chimene munthu wamba angamve. M'malo mongotchula udindo wa usilikali, anene kuti ankayang'anira anthu angati, galimoto zingati, katundu wotani. Ntchito ikapezeka, mgwirizano ukhale wolembedwa, ndipo afunse za penshoni: lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Ntchito za chitetezo za kunja kwa dziko zimene zimalengezedwa pa WhatsApp, zofuna kulipiratu ndalama ndi kupereka pasipoti, akazifufuze kaye ku ofesi ya zantchito.

Za ngongole za boma ndinene mwachidule. Thumba limene linayamba mu 2005 ngati MARDEF, kenako n'kukhala MEDF, ndipo mu 2020 NEEF, limapereka ngongole yobweza ndi chiwongoladzanja, osati mphatso. Itengeni pokulitsa bizinesi imene yayamba kale kuyenda, osati poyesera. Bizinesi ilembetsedwe ku boma, ikhale ndi TPIN ya ku MRA ndi laisensi ya khonsolo. Popanda izi simungagulitse katundu ku sukulu, ku makampani kapena ku boma. Minibasi ndi njinga za kabaza zopatsa anyamata kuti aziyendetsa zagwetsa ambiri amene sanayendetsepo bizinesi yotere, chifukwa ndalama imathera m'manja mwa woyendetsa ndi kwa makaniko. Ngati mayi ali kale ndi geni imene ikuyenda, kaya ndi ya nkhuku, kaunjika kapena kusoka, nzeru n'kuyamba kuthira mpamba pamenepo.

Pali mbali ina imene mabanja sakonda kuikamba. Asilikali athu anayamba kumenya nkhondo yeniyeni ku DRC mu 2013, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Private Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019 chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 atatu ena anaphedwa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma. Amene anabwerako amoyo anaona zimenezi ndi maso. Ngati bambo kapena mayi wa m'nyumba sakugona, akulota zoopsa, akudzidzimuka ndi makombola a pa Khirisimasi, akupsa mtima pa zazing'ono, kapena mowa wayamba kukhala wa m'mawa, si kulodzedwa ndipo si kufooka. Ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Yambirani ku chipatala cha Zingwangwa kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo. Nthawi zambiri munthu wotere amamvera msilikali mnzake kuposa mkazi wake kapena abusa, choncho pemphani mnzake amene amamukhulupirira kuti amuperekeze. Akayamba kulankhula zodzipha, musamusiye yekha ndipo mupite naye tsiku lomwelo. Akayamba kumenya, inu ndi ana muchoke kaye m'nyumbamo ndi kukanena ku Victim Support Unit ya apolisi. Kumvetsa chimene chikumuvuta sikutanthauza kupirira nkhonya.

Ngakhale amene sanapite ku nkhondo amavutika ndi kusowa kwa ndondomeko ya tsiku. Munthu wazolowera kudzuka m'bandakucha, kudziwa malo ake ndi ntchito yake. Mpatseni mbali yooneka pakhomo kuyambira sabata loyamba: kuperekeza ana kusukulu, kulemba ndalama za geni, kuthamanga m'mawa cha ku Njamba, kuphunzitsa anyamata mpira. Ana nawo auzidwe kuti zinthu zasintha ndipo ndalama ziziyenda mosamala kwa kanthawi.

Malipiro akachedwa kupitirira nthawi imene analonjezedwa, londolani ndi makalata, osati foni yokha. Kalata iliyonse ikhale ndi nambala yake ya usilikali ndi tsiku, ndipo amene wailandira adinde pa pepala lanu lotsala. Zikakanika, ofesi ya Ombudsman imalandira kwaulere madandaulo a anthu amene sanathandizidwe bwino ndi maofesi a boma, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza osakwanitsa kulipira loya. Mufayilo momwemo muikemo wilo yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mwini wake akonzenso maina a olandira ku banki, ku SACCO ndi ku penshoni, chifukwa ambiri analemba amayi awo kapena mchimwene wawo pamene ankalowa ntchito asali pabanja ndipo sanasinthe atakwatira.